Lipoti la nkhani: wotchinga kumbuyo wa zaka 18 amene anagundidwa mutu kawiri m'sabata imodzi

Ndine clinical officer, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala pa benchi ya timu ina ya m'ligi yaing'ono ya m'chigawo chathu, ntchito yongodzipereka. Nkhaniyi ndailemba mnyamatayo ndi amayi ake atandilola. Dzina lake, la timu ndi la zipatala zimene anapitako ndabisa. Vuto lake linali kugwedezeka kwa ubongo, chimene m'mabuku athu timachitchula concussion. Chinatsala pang'ono kubisala kumbuyo kwa malungo, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga.

Zimene zinachitika pabwalo

Mnyamatayu ali Folomu 4, amasewera pakati kumbuyo, wamtali, ndipo ndi amene timu imadalira mpira ukabwera m'mwamba. Alibe khunyu, sadwala mutu waching'alang'ala, sakumwa mankhwala aliwonse. Tsikulo linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bwalo lake ladothi louma gwa. Pa mphindi ya 63 adani anamenya kona. Iye analumpha, mnzake wa timu inayo analumphanso, ndipo mutu wa mnzakeyo unamupeza pamwamba pa khutu lakumanzere. Anagwa chagada.

Sanakomoke. Ichi ndi chimene aliyense pa benchi anayamba kunena ndisanafike n'komwe pa iye, ndipo n'chimene chimasocheretsa anthu ambiri. Mwa osewera khumi amene ubongo wawo wagwedezeka, amene amakomoka safika ndi mmodzi yemwe. Chimene ndinaona ine ndi ichi: anagona masekondi angapo osadzigwira, kenako anayesa kudzuka, n'kudzandira masitepe awiri ngati munthu wotsika m'bwato, maso ali tong'o osayang'ana chinthu chenicheni. Anzake anali atayamba kale kumuthira madzi kumutu ndi kumukoka mikono. Ndinawaletsa kumukoka.

Munthu wagundidwa mutu, choyamba ndi khosi. Ndinamugwira mutu ndi manja awiri n'kumufunsa ngati khosi likupweteka, ngati akumva dzanzi kapena kuwotcha m'mikono ndi m'miyendo. Anakana. Ndinadina mafupa a pakati pa khosi limodzilimodzi, sanadzume. Zala za manja ndi za kumapazi zinkayenda bwino, mphamvu zofanana mbali zonse. Chigaza sichinabooke kapena kulowa mkati, m'makutu ndi m'mphuno munalibe magazi kapena madzi. Apo ndinamulola kukhala tsonga.

Kenako ndinamufunsa mafunso asanu a Maddocks, m'Chichewa. Tili pabwalo liti lero? Anayankha bwino. Chino n'chigawo chiti? Anati choyamba, chonsecho tinali m'chachiwiri. Wamwetsa chigoli chomaliza ndani? Anandiyang'ana n'kufunsa ngati pali amene wagoletsa. Tinali tikutsogola 1-0, ndipo iye anali atathamanga theka la bwalo kukakumbatira womwetsayo. Mafunso awiri otsalawo, a masewero a sabata yatha, anawakhoza. Kumufunsa dzina lake kapena kumuwerengetsa zala sikuthandiza, poti munthu wogwedezeka ubongo amayankha zimenezo mosavuta. Chimene chimasokonekera ndi kukumbukira za posachedwapa. Amene anaonera fainolo ya World Cup ya 2014 ku Maracanã akukumbukira Christoph Kramer wa Germany, amene atagundidwa ndi phewa la Ezequiel Garay anapitiriza kusewera pafupifupi kotala la ola, mpaka anakafunsa woyimbira Nicola Rizzoli ngati imeneyo inalidi fainolo.

Ndinakweza manja kupempha kuti alowe wina. Akochi anabwera pamzere.

"Adokotala, mwanayu wadzuka. Mpatseni mphindi ziwiri amwe madzi."

"Akochi, sakudziwa kuti tagoletsa. Lero sabwereranso."

"Ndiye kumbuyoku ndiikeko ndani?"

Funso lawo linali loona. Kuyambira pa 1 Julaye 2024 malamulo a IFAB, bungwe lokhazikitsa malamulo a mpira wamiyendo, amalola mpikisano kupereka mwayi wosintha wosewera wina wowonjezera ngati akuganiziridwa kuti ubongo wake wagwedezeka, koma mpikisanowo uyenera kusankha wokha kutsatira zimenezo, ndipo m'ligi yathu tsikulo sizinkagwira ntchito. Tinali titatsala ndi mwayi umodzi wosintha. Unapita pa iye. Masewero anathera 1-1, ndipo chigoli chawo chinalowa ndi mutu, pamalo pomwe akanaima iyeyo. Pobwerera m'minibasi munali zii.

Kumuyeza bwinobwino

Chipinda chovalira chinali kalasi ya sukulu ya pulayimale. Ndinamukhazika pa desiki mphindi khumi kuti thupi lizizire, poti kutopa ndi ludzu nazo zimabweretsa mutu ndi chizungulire. Ndinagwiritsa ntchito SCAT6, fomu yoyezera kugwedezeka kwa ubongo imene inatuluka mu 2023 pambuyo pa msonkhano wa akatswiri ku Amsterdam mu Okutobala 2022. Ndi ya osewera a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo imathandiza kwambiri m'maola 72 oyamba.

Pa zizindikiro 22 za pafomuyo iye anali ndi 11: mutu, kulemera m'mutu, chizungulire, nseru, kudana ndi kuwala, kumva ngati ali m'chifunga, kuvutika kuika maganizo pamodzi, kuiwala, kutopa, kuchedwa kuganiza, ndi kumva kuti "sindili bwinobwino". Kukula kwake konse kunali 29 pa 132. Mawu khumi owerengedwa katatu anakumbukira 17 pa 30, ndipo patapita mphindi zisanu anatsala ndi 3 okha. Miyezi ya chaka chobwerera m'mbuyo anaima pa Ogasiti, n'kulumpha Julaye. Poima maso ali otseka, masekondi 20 pa kaimidwe kalikonse mwa katatu, analakwitsa kasanu ndi kanayi, kochuluka poima ndi mwendo umodzi. GCS, sikelo yoyezera mmene munthu alili maso, inali 15 pa 15, timaso takuda tofanana ndipo tikumvera kuwala.

Manambalawa ndimawawerenga mosamala. Mawu a pafomuyo ndi Achingerezi, ndipo mwana amene Chingerezi amachigwiritsa ntchito m'kalasi mokha akhoza kulephera chifukwa cha chilankhulo osati ubongo. Ndiye ndili ndi mndandanda wanga wa mawu khumi Achichewa, monga khasu, ndowa, chimanga, kandulo, umene ndimagwiritsa ntchito nthawi zonse. Sunayesedwe ndi ofufuza, choncho ntchito yake ndi kufanizira mnyamatayo lero ndi iye yemweyo mawa, osati ndi anthu ena. Ndinalibenso zotsatira zake za nthawi imene anali bwino. Koma kwa munthu amene wadzandira pamaso panga n'kuiwala chigoli, fomu sinali yofunika kuti ndidziwe vuto. Inali yoyambira kuwerengera kuchira.

Chinthu chofunika kwambiri tsikulo sichinachokere pafomu. Tikukwera minibasi, goloboyi wathu anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti Lachitatu pa zokonzekera awiriwo anawombana, bondo lake linamupeza mnyamatayo kumutu. Kuyambira Lachinayi ankadandaula mutu ndipo ankagula panado pa okala. Nditamufunsa mwiniwakeyo anavomera. Anabisa chifukwa kunamveka kuti Lowerukalo kubwera munthu wodzaona osewera kuchokera ku timu ya mu Super League. Choncho kugundidwa kumene ndinaona kunali kwachiwiri m'masiku anayi, pa ubongo umene unali usanachire.

Kunyumba, ndi pamene ndinalakwitsa

Ndinamuperekeza mpaka kwawo. Amayi ake anali kumsika, ndinapeza amalume ake. Ndinawafotokozera n'kuwalembera papepala zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo: mutu wokulirakulira, kusanza mobwerezabwereza, kugona kosadzutsika, kuphupha ngati wakhunyu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka mbali imodzi, kulankhula zosamveka kapena kulusa kosadziwika bwino. Asakhale yekha. Agone ndithu, tulo ndi mankhwala, sikofunika kumudzutsa ola lililonse monga tinkaphunzitsidwa kale, koma wina azimusuzumira. Mutu ukavuta amwe panado, osati brufen kapena asipulini masiku awiri oyambawo, kuopera kuti ngati mkati muli kukha magazi angawonjezere. Mowa ayi. Foni ndi TV achepetse kwambiri maola 48. Njinga yamoto ya mkulu wake, imene amathandizira kabaza madzulo, asaikhudze.

Pepalalo amalume analipinda n'kuliika m'thumba la malaya, n'kupita nalo kwawo. Ine sindinalembe kalikonse m'buku lake la kuchipatala, ndipo amayi ake, amene amagona naye nyumba imodzi, sindinalankhule nawo.

Lamlungu usiku anasanza kawiri, mutu unakula. Lolemba m'mawa amayi ake anapita naye ku chipatala chaching'ono cha kwawoko. Anafotokoza mutu, kusanza ndi kufooka, ndipo aliyense wogwira ntchito kuno akamva zitatuzo amatenga mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu. Inatuluka mizere iwiri, kusonyeza malungo. Anapatsidwa LA n'kubwerera. Za kugundidwa mutu palibe anafunsa, ndipo amayiwo sanazitchule poti ankaona ngati zinathera kubwalo. Mnzanga amene anamuona kumeneko sindimuimba mlandu. Mzere wa odwala pakhomo pake ndimaudziwa, ndipo buku limene anatsegula linalibe mawu anga.

Ndinamva masana kudzera kwa akochi, amene anandiimbira mosangalala: "Adokotala, aja anali malungo."

Apa mpofunika kuimapo. Malungo ndi kugwedezeka kwa ubongo zimafanana zizindikiro zambiri, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse. Komanso mRDT yofala kuno imafufuza puloteni ya tizilombo yotchedwa HRP2, imene imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atachira kale. Amayi ake anandiuza kuti anamwa LA kumapeto kwa Sepitembala. Kutentha kwa thupi kumene kunalembedwa m'bukumo kunali 37.1. Ndiye mizere iwiriyo ikanatha kukhala malungo atsopano, kapena mapazi a akale. Sindinamusiyitse LA, chifukwa kusiya malungo osachiza n'koopsa kuposa kumwa mankhwala masiku atatu. Koma kusanza kawiri ndi mutu wokulirakulira pasanathe maola 48 chigundidwireni pafupi ndi khutu ndi chizindikiro choopsa, kaya mRDT yanena chiyani. Pamalo amenewo fupa ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi umene ukang'ambika magazi amaunjikana pakati pa chigaza ndi ubongo.

Ndinapita kukamuona. Anali maso, GCS 15, timaso tofanana, mphamvu zofanana, khosi losauma. Ndinalembabe kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, ndipo ulendo uno ndinalemba zonse m'buku. Ndalama ya mayendedwe inasonkhedwa ndi osewera anzake. CT, sikani yoona mkati mwa mutu, inajambulidwa Lachiwiri ndipo sinaonetse magazi, kutupa kapena kusweka kwa fupa.

Mkangano wa sabata yoyamba

Zotsatira zabwinozo zinabweretsa vuto lina. Kwa akochi ndi amalume nkhani inali yatha: makina sanapeze kanthu, LA akutha Lachitatu, Loweruka asewere. Tinakhala pansi pa khonde la amayi ake ndipo ndinayesa kufotokoza motere. CT imaona magazi ndi mafupa. Kugwedezeka kwa ubongo sikuoneka pamenepo chifukwa chimene chawonongeka ndi kagwiridwe ka ntchito, osati maonekedwe. Ubongo ukagwedezeka m'chigaza, timitsempha take timakokeka, potaziyamu amatuluka m'maselo, kashiamu amalowa, ndipo maselo amafuna shuga wambiri kuti abweze zinthu m'malo mwake, pa nthawi yomweyo imene magazi opita ku ubongo achepa. Zili ngati foni imene batire yake yatsala pang'ono kutha koma magetsi azima. Ukaigwiritsabe ntchito imazima. Pa masiku amenewo kugundidwa kochepa kumavulaza kwambiri, ndipo wosewerayo amachedwa kuona ndi kuzinda, ndiye amagundidwanso mosavuta.

Ndinawauzanso za Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wa ku Ottawa ku Canada, wosewera rugby, amene anamwalira mu 2013 atagundidwa mutu kangapo m'masiku ochepa, zoyambazo osauza makolo kapena aphunzitsi. Ubongo wake unatupa. Chigawo cha Ontario chinakhazikitsa lamulo la dzina lake mu 2018. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, ndipo ndinanena choncho, koma zimagwera achinyamata, ndipo mnyamata wathuyu anali atadutsa kale kawiri panjira yomweyo.

Amalume anati, "Adokotala, ife tinkasewera mpira wachikulunga opanda nsapato, tinkagundana mitu, tili moyo." Amene anathetsa nkhani ndi amayi ake. Anati mwanayo akawerenga tsamba limodzi akumagwira mutu, ndipo iwo analipira fizi ya Folomu 4, osati ya mpira.

Kubwerera m'kalasi ndi pabwalo

Kale tinkatsekera odwala otere m'chipinda chamdima mpaka zizindikiro zonse zithe. Malangizo a ku Amsterdam anasintha zimenezo: kupuma pang'ono maola 24 mpaka 48, kenako kuyamba kuyenda ndi kuchita zopepuka ngakhale zizindikiro zisanathe, bola zisakwere kuposa mapointi awiri pa sikelo ya 0 mpaka 10, ndiponso zibwerere pasanathe ola. Chifukwa cha malungo ndi ulendo wa CT, ife tinayamba pa tsiku lachisanu.

Sukulu inatsogola. Tsiku la 5 ndi la 6 ankawerenga kunyumba mphindi 15 n'kupuma. Tsiku la 9 anapita kusukulu mpaka nthawi ya buleki yaikulu, atatenga kalata yanga yopempha kuti akhale kutsogolo kutali ndi zenera, asalembe mayeso a sabatayo, ndipo asakakamizidwe ku sitade yamadzulo. Pofika tsiku la 13 ankatha tsiku lonse.

Pabwalo pali masitepe asanu ndi imodzi, lililonse losachepera maola 24. Tilibe njinga ya mu jimu kapena wotchi yowerenga mtima, ndiye tinachita masamu. Kugunda kwa mtima kokwera kwambiri kwa wa zaka 18 ndi pafupifupi 202 pa mphindi. Poyamba sayenera kupitirira 55 peresenti, kenako 70 peresenti, ndiye kuti 111 ndi 141. Ndinamuphunzitsa kugwira mtsempha wa padzanja masekondi 15: asapitirire 28 masiku oyamba, kenako 35. Ankayenda mofulumira kuzungulira bwalo la sukulu isanakwane 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwiye, ndipo pambuyo pake ankathamanga pang'onopang'ono. Madzulo ankanditumizira uthenga wa manambala awiri, mutu asanayambe ndi atamaliza.

Sitepe yachitatu, yothamanga ndi mpira payekha n'kumatembenuka, inatibweza m'mbuyo. Pa tsiku la 11, atangoyamba kuzungulira makoni, chizungulire chinakwera kuchoka pa 1 kufika pa 5 ndipo chinakhala masana onse. Nditamuyezanso ndinapeza ziwiri zimene sindinazifufuze mokwanira poyamba. Minofu ya kumanzere kwa khosi, pansi pa chigaza, inali yolimba ndi yopweteka, ndipo kuidina kunkadzutsa mutu womwe uja. Komanso ndikamayandikitsa cholembera kumphuno kwake, ankachiona pawiri chikadali pa masentimita 10, pamene munthu wabwino amafika pa 5 kapena kuchepera apo. Kupukusa mutu maso ali pa chala changa kunkamubweretsera nseru. Mnzanga wa mafizo anamuona kawiri, anamufewetsa khosi n'kumupatsa zochita kunyumba katatu patsiku: kuyang'anitsitsa chilembo chomatidwa pakhoma akupukusa mutu, ndi kuyandikitsa pensulo kumphuno. Tinabwerera pa sitepe yachiwiri masiku atatu.

Tsiku la 16 analibe chizindikiro chilichonse, atapuma ngakhale atathamanga. Mawu khumi aja anakumbukira 26 pa 30, patapita nthawi 8 pa 10, ndipo poima maso otseka analakwitsa kawiri. Apo ndinamulola kulowa sitepe yachinayi, zokonzekera ndi anzake koma osagundana ndiponso osamenya mpira ndi mutu. Ndinamuveka bibu yofiira kuti aliyense adziwe kuti ameneyu sakhudzidwa. Malangizo a ku Britain a masewero a m'madera, amene anatuluka mu Epulo 2023, salola mpikisano tsiku la 21 lisanakwane. Ndinatenga nambala imeneyo ngati poyambira chabe, ndipo chifukwa cha kugundidwa kawiri ndinawonjezera sabata. Zokonzekera zogundana anayamba tsiku la 24, mahedi ochepa ndi mpira wofewa, ndipo anasewera pa tsiku la 28, mphindi 30 zomaliza.

Zimene tasintha pa timu

Amalume anafunsa ngati tingamugulire chipewa chonga cha goloboyi uja Petr Čech. Čech anayamba kuvala chija chigaza chake chitasweka mu 2006, ndipo chipewa chofewa chimateteza khungu ndi fupa koma sichiletsa ubongo kugwedezeka mkati. Ndalama imeneyo tinagulira geji yoyezera mpweya wa mpira. Lamulo limati pakati pa 0.6 ndi 1.1 atmosphere, ndipo mipira yathu, imene inkapopedwa kwa wokonza njinga mpaka kulira ngati ng'oma, yonse inali pamwamba pa pamenepo. Timu yathu ya ana osakwana zaka 12 tailetsa mahedi pa zokonzekera, potengera zimene US Soccer inayamba mu 2015 kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi ndi zimene FA ya ku England yakhala ikuchita kuyambira 2022. Akuluakulu tachepetsa mahedi a mipira yaitali, tawonjezera zolimbitsa khosi potenthetsa thupi, ndipo akochi akuphunzitsa kulumpha zigongono zili pansi ndi kuitana mpira mokweza, poti kugwedezeka kwa ubongo kochuluka mu mpira kumachokera ku mutu ndi mutu kapena chigongono ndi mutu, osati ku mpirawo.

Popeza ine sindikhalapo pakati pa sabata, kaputeni ndi goloboyi ndawaphunzitsa CRT6, fomu yaifupi ya anthu amene si achipatala, ndipo ndaimasulira m'Chichewa n'kuimata m'chikwama cha mankhwala. Aliyense wogundidwa mutu ndimamulembera m'buku lake la kuchipatala tsiku lomwelo, ndi inki yofiira, ndipo pepala la zizindikiro ndimapereka kwa munthu amene agone naye nyumba imodzi. Osewera onse 24 ndikufuna ndiwayeze nyengo ikubwerayi isanayambe, kuti ndikhale ndi pofanizira. Pakadali pano ndayeza 9.

Ndinamuonanso patatha masabata asanu ndi limodzi. Alibe mutu, akugona bwino, cholembera akuchiona chimodzi mpaka masentimita 4, ndipo mayeso a teremu analemba onse. Ndamuuza iye ndi amayi ake kuti akadzagundidwanso nyengo ino, ngakhale pang'ono, mpira udzaima mpaka chaka chamawa ndipo ndidzamutumiza kwa dokotala wa ubongo. Munthu wa ku Super League uja anabweradi Loweruka lotsatira, mnyamatayo ali pa benchi atavala zakunyumba, ndipo anatenga wina. Amalume ake tikakumana pamsika amandiyankha moni ndi mutu wokha.